Sabata ya kanema wa pachinsalu ku Angónia ndi ku Tsangano

Sabata yoonetsa mafilimu akale m'midzi imasankhidwa poyang'ana mwezi. Mwezi ukakhwima umatuluka dzuwa likangolowa, kuwala kwake kumagwera pachinsalu, zakuda zonse n'kusanduka phulusa. Filimu yamitundu imapirirako, koma yakuda ndi yoyera imaferatu. Usiku uliwonse mwezi umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50, choncho timadikira masiku anayi kapena asanu utakhwima. Mu June kuno ku Angónia dzuwa limalowa cha m'ma 17:20, mdima umagwira ikamakwana 18:15, ndipo mwezi umabwera anthu atayamba kale kupinda mphasa.

Lolemba ndi tsiku la m'nyumba, ku Ulónguè komwe kuli magetsi. Filimu iliyonse imaoneredwa yonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, pa laputopu yomwe tipite nayo, chifukwa fayilo yoonongeka imakonda kuima pakati. Timaonanso kalata ya eni filimu yolola kuionetsa pagulu, ndi mawu a Chipwitikizi olembedwa pansi ngati akugwirizana ndi pakamwa pa olankhula. Kenako timalemba kaimidwe ka chithunzi cha filimu iliyonse. Mafilimu atatu a sabata ino onse anajambulidwa pa 1.37:1, chithunzi chotsala pang'ono kufanana mbali zonse, pomwe purojekita yathu ndi ya 16:9, yotambalala. Pamenepa ndi pamene mafilimu akale amaphedwera m'mavidiyo sho ambiri. Mwini malo amaona mbali ziwiri zakuda, amati makina alakwa, n'kukoka chithunzi kuti chidzaze. Nkhope zimafufuma, matayala a njinga amakhala ngati mazira. Wina amachikuza m'malo mochikoka, n'kudula mitu ndi mapazi. Mbali zakudazo zisiyidwe choncho.

Lachiwiri timakweza chinsalu pabwalo kuti tiyese zonse. Chathu ndi cha mamita 4 m'litali ndi 2.25 msinkhu. Lenzi ya purojekita yathu imafuna mtunda wokwana kamodzi ndi theka kutambalala kwa chithunzi, ndiye tebulo limaima mamita 6 kuchokera pachinsalu. Chithunzi cha 1.37:1 chimatenga mamita 3.08 pakati, n'kutsala masentimita 46 mbali iliyonse. Pamenepo timapachika nsalu zakuda ziwiri, chifukwa chakuda cha purojekita si chakuda chenicheni, ndi imvi, ndipo diso likaona imvi m'mbali limayamba kuona filimu yonse ngati yosuluka. Kumbuyo kwa chinsalu timaikanso nsalu ina yakuda kuti kuwala kusaboole n'kutayika. Pansi pa chinsalu pakhale mamita 1.2 kuchokera padothi kuti mitu ya ana isatchinge.

Tebulo likwezedwe ndi njerwa mpaka chithunzi chikhale chowongoka pachokha. Batani la keystone la pa purojekita lisakhudzidwe, chifukwa limawongola chithunzi chopendekeka pofinya timadontho ta chithunzi, ndipo tsitsi, nsalu ndi makwinya zimataya kuthwa. Zinthu zina zitatu zizimitsidwe mu menyu: chosalaza mayendedwe, chochotsa phokoso la chithunzi, ndi chowonjezera kuthwa. Filimu inajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo chosalaza mayendedwe chimapeka zithunzi zake pakati, filimu ya 1948 n'kumaoneka ngati vidiyo ya ukwati. Chochotsa phokoso chimadya timchenga ta filimu poganiza kuti ndi fumbi, khungu la munthu n'kusalala ngati kandulo. Laputopu nayo iuzidwe kutumiza pa 24 Hz, kutanthauza zithunzi 24 pa sekondi, ngati purojekita ikulola, apo ayi kamera ikamatembenuka chithunzi chimanjenjemera.

Lachitatu tinali kudera la Dómuè, pabwalo la sukulu, titapempha kwa anyakwawa sabata yapitayo. Tinaonetsa Ladri di biciclette ya Vittorio De Sica, ya 1948, mphindi 89. Nkhani yake ndi ya bambo wa ku Rome amene wapeza ntchito yomata zithunzi m'makoma, ntchito yofuna njinga, ndipo njingayo ikubedwa tsiku loyamba. Kwa anthu onyamula mbatata ya kachewere pa njinga ndi anyamata a kabaza, zimenezi sizifuna kumasulira kwambiri.

Chofunika kuchiyang'ana mu filimu imeneyi ndi kasankhidwe ka osewera. Lamberto Maggiorani, amene akusewera bamboyo, anali wantchito wa m'fakitale. Mnyamata Enzo Staiola naye sanali wosewera. Zimaoneka pa kayendedwe: bamboyo amaponda ngati munthu wozolowera kuima tsiku lonse, jekete lake lakhala pamapewa monga chovala chokhacho chabwino chimene ali nacho, ndipo akachita manyazi sakweza nsidze kapena kugwira mutu, amangoyang'ana kumbali. Mwanayo amathamanga pang'ono kuti afanane ndi bambo ake, nthawi zonse akuwayang'ana kumaso kuti adziwe ngati zinthu zili bwino. Wojambula, Carlo Montuori, nthawi zambiri amawaika onse awiri m'chithunzi chimodzi, wamtali ndi wamfupi, msewu ukuoneka kumbuyo. Ukadula pansi pa chithunzi wadula mwanayo, ndipo theka la nkhani lapita. Palinso pamene mayi wa m'nyumbamo wapereka nsalu za pabedi chikole kuti awombole njinga. Kamera imatsatira wantchito akukwera mashelefu odzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena, m'mwamba, m'mwambabe. Chithunzi chopapatiza chija ndi chimene chimapangitsa kuti mutu wako uweramukire kumwamba pamodzi naye. Pabwalo panamveka "mayo!" wa amayi angapo, palibe amene anawauza tanthauzo.

Apa ndi pamene ntchito ya womasulira imavuta. Anthu anazolowera mafilimu a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa momwe womasulira sapuma, amaseketsa, amatchula mayina a m'mudzi. Luso limenelo ndi lenileni ndipo lili ndi malo ake, koma filimu ngati iyi imafuna lina. Papepala la Lolemba timalemba mphindi zimene maikolofoni izimitsidwe. Ndinamukumbutsa mnzanga womasulirayo tisanayambe kuti, "Achimwene, kumapeto kuja mwana akagwira dzanja la bambo ake, inu chete mpaka nyimbo ithe." Anayankha kuti, "Ndamva, achimwene, koma poyamba mundilole ndiwauze kuti kuno ndi ku Italy nkhondo itangotha, ntchito kulibe." Zimenezo n'zoona. Mawu atatu kapena anayi oyamba amatsegula khomo, otsalawo nkhope zimanena zokha.

Akuluakulu ena amabwera kudzaima pafupi ndi tebulo filimu ikatha, n'kutchula Kuxa Kanema. Amenewa anali mafilimu a nkhani a mphindi khumi, akuda ndi oyera, amene Instituto Nacional de Cinema ya ku Maputo inkapanga dziko litalandira ufulu mu 1975, ndipo magalimoto ankawatengera m'midzi. Nyumba ya bungweli inapsa mu 1991. Anthu amenewa anaonapo filimu pachinsalu chachikulu ana awo asanaone foni, ndipo ndi amene amayamba kudandaula chithunzi chikapendekeka.

Lachinayi silinayende bwino. Kunazizira msanga, ndipo pofika 19:00 chithunzi chinayamba kuchita chifunga pakati. Anali mame pa lenzi. Purojekita inali itatulutsidwa m'galimoto n'kukhala panja ola lathunthu isanayatsidwe, galasi n'kuzizira. Mankhwala ake ndi kuisiya m'bokosi lake mpaka mphindi 15 tisanayambe, kuiyatsa itenthe, ndi kuika katoni pamwamba pake ngati denga, osatseka mabowo a mpweya. Lenzi yonyowa isapukutidwe ndi malaya, fumbi la pamalaya limakala galasi. Tinaima mphindi khumi, galasi linauma, filimu n'kupitirira. Jenereta inali mamita 30 kuseri kwa khoma kuti phokoso lisadye mawu. Purojekita, masipika ndi laputopu pamodzi sizipitirira mawati 600, ndipo malita atatu a petulo amakwana usiku umodzi n'kutsalako.

Lachisanu ndi tsiku limene ndimaliyembekeza. Tinaonetsa La Noire de… ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya 1966, yotenga pafupifupi ola limodzi, kwa akuluakulu okha chifukwa mathero ake ndi olemera. Mtsikana wa ku Dakar, Diouana, akutengedwa ndi mabwana ake kupita ku Antibes, ku France, akuganiza kuti akalera ana, n'kupezeka watsekeredwa m'nyumba ngati wantchito wa zonse. Amene akusewera ndi Mbissine Thérèse Diop, amene anali wosoka zovala. M'nyumbamo salankhula kwenikweni, timangomva maganizo ake. Choncho filimu yonse yatsamira pa nkhope yakuda yoima kutsogolo kwa makoma oyera, ndi chigoba chosemedwa chopachikidwa pakhoma.

Nkhope yakuda pakhoma loyera ndi mayeso ovuta kwa wojambula, ndipo ndi ovutanso kwa woonetsa. Kuwala kwa pamphumi, pamasaya ndi pamphuno kumakhala m'magawo a imvi oyandikana kwambiri ndi chakuda. Chingwe cha HDMI, cholumikiza laputopu ndi purojekita, chimatha kunyamula kuwala m'njira ziwiri: ina imawerenga kuyambira 0 mpaka 255, ina kuyambira 16 mpaka 235. Laputopu ikatumiza yoyambayo pomwe purojekita ikuyembekeza yachiwiri, zonse za pansi pa 16 zimasanduka chakuda chimodzi, za pamwamba pa 235 choyera chimodzi. Mithunzi ya pankhope ya Diouana imaphatikana, maso okha n'kutsala, khoma n'kumathobwa m'maso. Zikasemphana mbali inayo, chithunzi chonse chimachita utsi. Ambiri akaona zimenezi amati makamera akale sankatha kujambula anthu akuda. Filimu imeneyi inakonzedwanso mu 2015 ku Bologna, ku Italy, ndipo ikaonetsedwa bwino khungu la mtsikanayu limawala ngati mtsuko wopakidwa bwino, mkwiyo wake umaoneka pa nsagwada pokha. Choncho mdima ukangogwira, anthu asanakhale pansi, timaika chithunzi choyesera cha mizere ya imvi, kuyambira wakuda mpaka woyera. Mizere iwiri yakuda yomaliza isiyane, iwiri yoyera yomaliza isiyanenso. Ikaphatikana, timakonza mbali zonse ziwiri kuti ziwerenge mofanana, kenako n'kusuntha brightness, batani la kuwala, pang'onopang'ono. Kuyesa masana n'kutaya nthawi, diso limanamizidwa ndi dzuwa.

Atatha kuonera, amayi ena amene ana awo amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Tete ndi ku Lilongwe sanafulumire kunyamuka. Mafunso awo anali a nsapato ndi madiresi: chifukwa chiyani mtsikanayo akukolopa atavala nsapato zazitali, chifukwa chiyani bwana wamkazi akumumanga epuloni. Anaona okha kuti zovala zikunena zimene pakamwa sipakunena.

Loweruka tinakwera ku Tsangano, kumene mphepo ndi yoopsa kuposa mame. Chinsalu chimafuna zingwe zinayi ndi zikhomo, ndipo chiime chammbali kwa mphepo, chifukwa chikafufuma ngati tanga pakati pa chithunzi pamachoka kuthwa. Tinaonetsa Tōkyō Monogatari ya Yasujirō Ozu wa ku Japan, ya 1953, mphindi 136. Ena amati ndi yaitali kwa anthu a kumudzi. Ine sindivomereza, vuto limakhala kuzizira, ndiye timauziratu anthu kuti abwere ndi mabulangete ndipo timapuma mphindi zisanu pakati. Makolo okalamba akupita mumzinda kukaona ana awo, anawo atanganidwa, amene akuwasamala ndi mpongozi wamasiye, mkazi wa mwana wawo amene sanabwere kunkhondo. Kamera ya Yūharu Atsuta imakhala pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pamphasa, ndipo pafupifupi siyenda. Oonera athu nawo akhala pamphasa, ndiye maso awo ndi maso a kamera ali pamodzi, ngati akhala m'chipinda chomwecho ndi banjalo. Makomo, zipupa ndi ketulo zimaikidwa mwadala kuti diso lidutse chipinda ichi n'kulowa china kumbuyo. Chithunzi chikapendekeka ngakhale pang'ono mizere yonseyo imaulula, n'chifukwa chake tebulo la Loweruka limayesedwa ndi levulo ya amisiri omanga.

Chishū Ryū, amene akusewera gogoyo, anali ndi zaka 49 zokha. Ukalamba wake uli pa msana wopindika pang'ono, pa kuchedwa kuyankha, ndi pa kakupizidwe ka chokupizira m'manja. Setsuko Hara, mpongoziyo, amamwetulira pafupifupi filimu yonse, ndipo kumwetulira kumeneko kukasweka kumapeto, pabwalo panali zii. Agogo ena aakazi anafunsa womasulira kuti, "Mwanawe, mtengwa ameneyu kwawo n'kuti? Analeredwa bwino." Womasulirayo anagwada pang'ono n'kuwauza kuti, "Agogo, ndi wa ku Japan."

Filimu ikatha jenereta isazimitsidwe msanga. Purojekita izimitsidwe ndi batani lake, fani ipitirize kuzungulira mpaka iime yokha, chifukwa babu lotentha likasiyidwa opanda mpweya limafupika moyo kapena kuphulika. Lamlungu sefa ya mpweya imachotsedwa n'kupemereredwa, popeza fumbi la misewu ya ku Tsangano limaitseka m'masiku atatu ndipo makina akatentha amadzizimitsa pakati pa filimu. Chinsalu chimayanikidwa chiume chisanapindidwe, apo ayi nkhungu imasiya timadontho timene timadzaoneka pankhope za osewera. Maola a babu amalembedwa m'kabuku, zingwe zimakulungidwa mozungulira osati mopinda, ndipo pa kalendala timawerenga tsiku limene mwezi wa July udzakhwime, n'kuwonjezera masiku anayi.