Kompyuta ya kunyumba itayamba kutichenjeza

Kompyuta yathu ya patebulo kunyumba ku Chilenje, mu Lusaka, ndi yakale ndithu, ili ndi Windows 10, ndipo timaigwiritsa ntchito banja lonse. Tsiku lina malaiti atangobwera ndidaiyatsa kuti ndione akaunti ya kubanki, koma Chrome idakana kutsegula tsamba. Idangoonetsa mawu akuti "Your connection is not private", pansi pake timalemba tating'ono: NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Ndidayesa nyuzipepala, ndidayesa tsamba la sukulu ya ana, konse uthenga womwewo.

Masamba onse akakana nthawi imodzi, vuto nthawi zambiri limakhala m'nyumba mwanu momwemo. Ndidayang'ana wotchi ya pakona ya kumanja pansi, ndipo imati tili mu Januwale 2013. Tsamba lililonse loyamba ndi https limakhala ndi satifiketi yolembedwa tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo browser, pulogalamu yotsegulira masamba ngati Chrome, imayerekeza masikuwo ndi wotchi ya kompyuta yanu. Zili ngati wapolisi wa pamsewu amene akuwerenga mapepala a galimoto ali ndi kalendala ya chaka china: ngakhale mapepala abwino awakana.

Ndidadina wotchiyo ndi batani la kumanja la mausi, kenako Adjust date/time, ndikuyatsa Set time automatically. Pa time zone dzina la Lusaka simulipeza. Sankhani (UTC+02:00) Harare, Pretoria, nthawi yake ndi yathu yomwe. Nditadina Sync now, masamba adatseguka.

M'mawa mwake malaiti adapitanso, ndipo atabwera wotchi idabwerera ku 2013. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati khobidi, CR2032, ka mavoti 3, kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kathu kadali katagwira ntchito yaikulu mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba ndipo malaiti ankasowa pafupifupi tsiku lonse. Ndidakagula katsopano kwa okonza mawotchi m'tauni. Posintha, zulani kaye chingwe kukhoma, tsegulani chitseko cha m'mbali, kankhani pang'ono kachitsulo kogwira batire, iyo imadumpha yokha. Yatsopano imalowa mbali ya chizindikiro cha + ikuyang'ana kumwamba. Mukatseka, konzaninso tsiku kamodzi, basi.

Chenjezo la "Your connection is not private" limatha kubweranso bandulo ikatha, chifukwa kampani ya intaneti imafuna kukutembenuzirani ku tsamba lake logulira ina. Koma ngati tsiku lili bwino, bandulo ilipo, ndipo tsamba limodzi lokha ndilo likukanidwa, pamenepo ine sindipitirira. Batani la Advanced limalola munthu kulowa mokakamiza, koma pa tsamba la banki kapena pofunika pasiwedi sindingalidine, ngakhale nditafulumira bwanji.

Chenjezo lachiwiri lidandiwawa mtima kwambiri, chifukwa lidaopseza mwana. Mwana wa mlongo wanga, amene timakhala naye, adathamangira kukhitchini akunjenjemera. "Amalume, bwerani, ndaononga kompyuta." Sikirini yonse idali itadzaza ndi chizindikiro cha Microsoft, sipika ikulira, mawu ofiira akuti mwalowa mavairasi, musazimitse, imbani nambala iyi tsopano. Mnyamatayo adali atayamba kale kukopera nambalayo pachikuto cha kabuku kake ka masamu.

"Usaimbe, mwanawe, palibe chimene waononga," ndidamuuza. Microsoft yenyewe imanena kuti mauthenga ake ochenjeza sakhala ndi nambala ya foni. Chimene tinkaonacho chidali tsamba wamba la pa intaneti lodzikuza kuti libise mabatani otsekera. Amene amayankha foniyo amakuuzani kuti muike pulogalamu yowalola kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali, kenako amafuna ndalama. Chenjezo lenileni la browser sililira, silikuthamangitsani, ndipo silipempha kanthu. Limangokana kutsegula tsamba.

Ndidagwira batani la Esc kwa kanthawi kuti tsamba lichoke pa sikirini yonse. Likakana, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguke, musankhe Google Chrome ndi End task. Potsegulanso, Chrome imafunsa ngati ibwezeretse masamba amene adali otsegula. Kanani, apo ayi phokoso lija libwereranso.

Padatsala timauthenga totulukira pakona, tonena za mavairasi, ngakhale tisanatsegule tsamba lililonse. Timeneti timachokera ku masamba amene wina adawadinira Allow, kawirikawiri a mpira waulere kapena okoperako nyimbo, amene amanamiza kuti mudine kuti vidiyo iyambe. Ndidalemba chrome://settings/content/notifications polemba adiresi. Pamndandanda wa ololedwa padali maina osawerengeka bwino, zilembo ndi manambala osakanikirana. Lililonse ndidalisankhira Block osati Remove, chifukwa lochotsedwa chabe limatha kudzapemphanso. Pamwamba pa tsamba lomwelo ndidatsekeratu kuti masamba asamapemphe n'komwe. Ku chrome://extensions ndidachotsa kapulogalamu kamodzi koonjezera pa Chrome kamene palibe m'nyumba adakadziwa, kenako ndidatsegula Windows Security ndi kusiya Full scan ikuyenda pamene tinkadya nsima. Sidapeze kanthu.

Chotsala chimene chikundidetsa nkhawa ndi Windows 10 yeniyeniyo. Microsoft idasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina athu ndi akale moti sangalandire Windows 11. Pakadali pano ndimalowa ku Help, About Google Chrome, kuti browser izikhala yatsopano, ndipo ana ndawatsegulira akaunti yawoyawo yopanda mphamvu za administrator, kuti pulogalamu iliyonse isanalowe azindiitana kudzalemba pasiwedi. Za kubanki ndasamutsira pa foni mpaka tidzagule makina ena.