N'chifukwa chiyani sanagwidwe atapha woyamba?

Nkhani ya munthu wopha anthu motsatizana ikamveka, funso limene ambiri timathamangira kufunsa ndi lakuti mutu wake unali ndi vuto lanji. Atolankhani amafukula za ubwana wake, za bambo wankhanza kapena mayi wosasamala, ndipo akatswiri a zamaganizo amaitanidwa kuti adzatchule matenda ake. Funsoli si lachabe, koma limatiiwalitsa funso lina lomwe ine ndimaliona kuti ndi lolemera kwambiri: zinatheka bwanji kuti munthu mmodzi aphe wachiwiri, wachisanu, mpaka wa 40, kwa zaka zambirimbiri, akukhala pakati pa anthu, akupita kuntchito ndiponso akupatsidwa moni ndi anansi ake? Funso lachiwirili ndi la akatswiri a za kakhalidwe ka anthu m'magulu, amene kwa zaka zoposa 100 akhala akufufuza chimene chimachititsa anthu kupatuka pa malamulo ndi makhalidwe ovomerezeka. Ndikaziyesa ziphunzitso zawo pa nkhani za akupha otere, ndimapeza kuti zimalephera kufotokoza imfa yoyamba, koma zimafotokoza bwino kwambiri imfa zonse zotsatira.

Pa msonkhano wa akatswiri umene bungwe la FBI, lofufuza milandu ku America, linachititsa ku San Antonio m'chaka cha 2005, anagwirizana kuti wopha motsatizana ndi amene wapha anthu awiri kapena kuposerapo pa nthawi zosiyana. Chofunika m'tanthauzo limeneli ndi mpata umene umakhala pakati pa imfa ina ndi inzake. Mpatawu ndi nthawi imene abale akanakadandaula, apolisi akanafufuza, ndipo wakuphayo akanagwidwa.

Chiphunzitso chimene ambiri amayambira ndi cha Robert Merton, cha m'chaka cha 1938. Iye ankati dziko likamalimbikitsa aliyense kufunafuna chuma ndi ulemu koma njira zovomerezeka zopezera zinthuzo zili zotsekeka kwa ambiri, ena amasunga cholingacho n'kudzipezera njira zawo zoletsedwa. Pali akupha amene amalowa bwino m'mfundo imeneyi. William Burke ndi William Hare anapha anthu 16 ku Edinburgh m'chaka cha 1828 n'kumagulitsa mitembo kwa dokotala Robert Knox, yemwe ankaigwiritsa ntchito pophunzitsa za thupi la munthu. Dorothea Puente wa ku Sacramento, amene anagwidwa mu 1988, ankasunga okalamba ndi olumala m'nyumba yake ya lendi, kuwapha, kuwakwirira pabwalo, n'kumalandira ndalama za boma zimene zinkabwera m'maina awo. Koma akupha ambiri otchuka sanapezepo ngakhale khobidi. Elliott Leyton, katswiri wa ku Canada, anayesa kukonza vutoli mu 1986 ponena kuti akupha a masiku ano amabwezera mkwiyo wawo pa gulu la anthu apamwamba limene linawakana, ndipo Ted Bundy, yemwe ankasaka atsikana a m'makoleji, ankaoneka ngati umboni wake. Ganizoli ndi lokopa, koma silipirira mukayang'ana mndandanda wa ophedwa m'milandu yambiri, chifukwa ochuluka mwa iwo anali osauka ndiponso onyozeka kuposa wowaphayo.

Za Edwin Sutherland ndingodutsapo. Iye ankaphunzitsa kuti khalidwe lophwanya lamulo timaliphunzira kwa anthu amene timayenda nawo, monga timaphunzirira luso lina lililonse. Zimenezi zimamveka pa anyamata awiri a ku Houston amene Dean Corll anawakokera m'zochita zake zopha anyamata pakati pa 1970 ndi 1973, powalonjeza madola 200 pa mnyamata aliyense amene angamubweretsere. Koma mphunzitsi wa Corll mwiniwakeyo anali ndani? Akupha ambiri otere amachita okhaokha ndipo amabisa ngakhale kwa mkazi wogona naye chipinda chimodzi.

Chiphunzitso chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri ndi cha Travis Hirschi, cha mu 1969. Hirschi anatembenuza funso lonse, n'kufunsa chimene chimatiletsa tonsefe kuphwanya malamulo. Yankho lake linali lakuti timamangidwa ndi zingwe zinayi: chikondi chathu pa anthu ena, zinthu zimene takhetsera thukuta ndipo tikuopa kuzitaya, kutanganidwa ndi ntchito zovomerezeka, komanso kukhulupirira kuti malamulo ndi oyenera. Zingwezi zikamasuka, munthu amapatuka. Tsono taonani Dennis Rader wa ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, amene anapha anthu 10 kuyambira 1974 mpaka 1991. Anali pa banja kuyambira 1971, anali ndi ana awiri, ankatsogolera gulu la ana a masikauti, ankagwira ntchito yoonetsetsa kuti anthu akutsata malamulo a tauni, ndipo pomwe ankagwidwa mu 2005 n'kuti ali wapampando wa komiti ya mpingo wake wa Lutheran. Kagwidwe kake kakusonyeza momwe moyo wake wapoyera unalukanirana ndi wobisika: anatumiza kachimbale ka kompyuta ku wailesi ya kanema, atafunsa kaye apolisi m'kalata ngati angamuzindikire nako, ndipo apolisi anamuyankha kudzera m'nyuzipepala kuti palibe vuto. M'kachimbalemo munatsalira dzina la mpingo ndi dzina lakuti Dennis. Wina anganene kuti zingwe za Rader zinali zachiphamaso, kuti mumtima mwake sankakonda aliyense, ndipo mwina n'zoona. Koma tikatero ndiye kuti tabwerera m'mutu mwa munthuyo, kumene Hirschi sakanatha kuyezako kanthu. Chimene tingaone ndi maso ndi chakuti banja, ntchito ndi mpingo sizinamuletse kupha, koma zinaletsa anthu ena kumukayikira.

Apa ndi pomwe chiphunzitso cha Howard Becker cha mu 1963 chimayamba kugwira ntchito, ngakhale kuti chimagwira mozondoka. Becker ankati wopatuka ndi amene anthu amupatsa dzina la wopatuka, ndipo dzinalo likamumatirira limamukankhira mozama m'khalidwe lomwelo. Pa wakupha wobisika zimenezi sizingatheke, pakuti dzina loipa amalilandira zonse zitachitika kale. Koma maina amene Becker ankanena analipo ndithu m'nkhani zimenezi, kungoti anamatidwa pa ophedwa. Peter Sutcliffe anapha akazi 13 kumpoto kwa England pakati pa 1975 ndi 1980, ndipo apolisi anamufunsapo mafunso maulendo 9 n'kumusiya. Kuyambira pachiyambi apolisi ankaiona nkhaniyo ngati ya munthu wodana ndi amayi oyendayenda, moti akazi ena amene anapulumuka m'manja mwake n'kufotokoza bwino nkhope yake sanawerengedwe, chifukwa sanali oyendayenda. Mtsikana wa zaka 16 wogwira ntchito m'sitolo ataphedwa mu 1977, manyuzipepala ndi apolisi anamutcha wosalakwa woyamba, ngati kuti amayi ophedwa m'mbuyomo anali ndi mlandu. Zinatenga mpaka November 2020, Sutcliffe atamwalira, kuti apolisi a West Yorkshire apepese poyera chifukwa cha mawu amene akuluakulu awo ankalankhula.

Gresham Sykes ndi David Matza analemba mu 1957 kuti ophwanya malamulo sakana malamulowo, koma amakhala ndi zifukwa zodzikhululukira, ndipo chimodzi mwa zifukwazo ndi kunena kuti wolakwiridwayo anayenera kuona zimene anaonazo. Chimene chimandichititsa nthumanzi ndi chakuti akupha sapeka okha zifukwa zotere; amazitola kwa anthu owazungulira. Sutcliffe anauza khoti kuti mawu a Mulungu anamutuma kupha amayi oyendayenda. Gary Ridgway, amene anagwira ntchito yopenta malole pafupi ndi Seattle kwa zaka pafupifupi 30 ndipo mu 2003 anavomera kuti anapha akazi 48, ananena m'chikalata chake chovomera mlandu kuti ankasankha amayi oyendayenda chifukwa ankadana nawo, chifukwa ankadziwa kuti palibe amene angakanene msanga kuti asowa, ndiponso chifukwa ankaganiza kuti angaphe ochuluka momwe angafunire osagwidwa. Munthuyu anali asanaphunzire za kakhalidwe ka anthu ku yunivesite, koma anawerenga molondola mtengo umene dera lake linkaika pa moyo wa akaziwo.

Zomwe Ridgway ananenazo n'zimene Lawrence Cohen ndi Marcus Felson anaziika m'chiphunzitso mu 1979. Iwo anati mlandu umachitika zinthu zitatu zikakumana pamalo amodzi: munthu wofuna kulakwa, munthu wosavuta kumulakwira, ndi kusowa kwa womuteteza. Ubwino wa mfundoyi ndi wakuti sifuna kudziwa za mumtima mwa wakuphayo. Imavomereza kuti anthu ankhanza alipo m'dziko lililonse, n'kufunsa kuti mpata amaupeza kuti. Steven Egger, yemwe anali wapolisi asanakhale mphunzitsi wa za umbanda, anawonjezera kuti pali anthu amene imfa yawo imawerengedwa mochepa chifukwa ali moyo ankawerengedwanso mochepa: oyendayenda, osowa pokhala, ana othawa kwawo, ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndi okalamba okhala okha. Samuel Little anaulula kuti anapha anthu 93 pakati pa 1970 ndi 2005, ambiri mwa iwo akazi akuda osauka, ndipo imfa zambiri zinalembedwa kuti zinali zangozi kapena za mankhwala, moti panalibe ngakhale mlandu wofufuza. Ku South Africa, Moses Sithole ankanyengerera akazi osowa ntchito powalonjeza ntchito ya muofesi, n'kupita nawo kutchire cha ku Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland. Mu 1997 anapezeka wolakwa pa imfa 38 ndipo anapatsidwa zaka 2,410. Nyambo yake inali ulova, ndipo ulovawo sanaupange ndi iye.

Nkhani imene imaonetsa zonsezi usiku umodzi ndi ya ku Milwaukee, ku America, mu May 1991. Mnyamata wa zaka 14, wa banja lochokera ku Laos, anathawa m'nyumba ya Jeffrey Dahmer ali maliseche, akutuluka magazi ndipo akulephera kulankhula. Akazi achikuda amene anamupeza pamsewu anaimbira apolisi n'kuumirira kuti ndi mwana. Dahmer anafika modekha, n'kuuza apolisi kuti mnyamatayo ndi chibwenzi chake cha zaka 19 ndipo waledzera. Apolisi anakhulupirira mzungu wolankhula mwaulemuyo, anauza akaziwo kuti asalowerere, ndipo anaperekeza mnyamatayo kubwerera m'nyumbamo, kumene anaphedwa usiku womwewo. Akanangofufuza dzina la Dahmer, akanapeza kuti anali atamangidwapo chifukwa chogwiririra mkulu wake wa mnyamata yemweyo. Oteteza, amene anali akazi aja, analipo usiku umenewo, ndipo anachita zonse zoyenera; chimene chinasowa ndi wowamvera. Amuna ena anayi anaphedwa Dahmer asanagwidwe mu July.

Ndikudziwa kuti ena amadana ndi kalankhulidwe kotere, poopa kuti tikuchotsa mlandu pa wakuphayo n'kuuwaza pa anthu onse. Sindikuona choncho. Mamiliyoni a anthu anakulira m'mavuto ofanana ndi a Ridgway kapena Little ndipo sanaphepo munthu, kotero chisankho chinali cha akuphawo ndipo mlandu ndi wawo. Koma kutalika kwa mndandanda wa ophedwa sikunali m'manja mwawo mokha. Emile Durkheim analemba mu 1893 kuti mlandu umagwirizanitsa anthu, chifukwa akakwiya limodzi amakumbutsana malire a chovomerezeka. Chimene nkhani zimenezi zimawonjezera ndi chakuti mkwiyowo sudzuka mofanana pa imfa iliyonse, ndipo wakupha wochenjera amadziwa imfa zimene siziudzutsa.

Harold Shipman, dokotala wa m'tauni ya Hyde pafupi ndi Manchester, anasonkhanitsa mbali zonse ziwiri: dzina labwino pa iye, ndi odwala okalamba amene imfa yawo sinkadabwitsa aliyense. Ankawayendera kunyumba masana, kuwabaya mankhwala opha ululu a diamorphine opitirira muyezo, n'kulemba yekha chikalata cha imfa. Mu 1976 anali atalipitsidwa chindapusa chifukwa cholemba makalata achinyengo otengera mankhwala, koma analoledwa kupitiriza udokotala. Kafukufuku wa boma wotsogozedwa ndi Dame Janet Smith anapeza mu 2002 kuti anapha odwala osachepera 215. Okayikira analipo. Woyendetsa takisi wina amene ankanyamula amayi okalamba a m'tauniyo ankalemba maina a makasitomala ake omwalira mwadzidzidzi, koma kwa nthawi yaitali ankaopa kuneneza dokotala wokondedwa. Mu March 1998 dokotala wa chipatala choyandikana anadandaula kwa mkulu wofufuza za imfa kuti zikalata zotenthera mitembo zochokera kwa Shipman zachuluka modabwitsa. Apolisi anafufuza mwachiphamaso n'kutseka nkhaniyo mu April, ndipo odwala ena atatu anaphedwa pambuyo pake. Womaliza anali mayi wa zaka 81 amene kale anali mayi meya wa tauniyo. Shipman analemba pa taipi ya kuchipatala kwake wilo yabodza yomupatsa chuma cha mayiyo chokwana mapaundi 386,000, ndipo mwana wamkazi wa malemuwo, yemwe anali loya, ataiona wiloyo anapita kupolisi. Mtembo unafukulidwa, mankhwala anapezekamo, ndipo Shipman anamangidwa mu September chaka chomwecho.