Jezi yachikasu ya ku Bembeke

Ndine goloboyi wa timu ya madoda kuno ku Bembeke, bambo wa ana atatu, ndipo pa msinkhu wangawu sindinkayenera kupezeka ndi buku la zachikondi. Anandiika m'mavuto ndi mnyamata wina wogulitsa mabuku akale pa Dedza boma. Pachikuto panali chimunthu chovala chisoti, ndodo yokhota kunsonga ili m'manja, ine n'kuganiza kuti m'katimo muli nzeru za masewero. Mnyamatayo anangoti, "Tengani bwana, simugona." Sananame.

Masewero ake anali hockey ya pa ayezi, ija amaikonda ku Canada. Mbali iliyonse kumakhala anthu 6, amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wolakwa amakamukhazika m'kachipinda mphindi ziwiri kuti mtima utsike. Koma zimenezo zinali zongokometsera. Nkhani yeniyeni inali ya kaputeni wamwano, wogweluka dzino, ndi mtsikana woongola mafupa a osewera. Awiriwa ankadana kwambiri, ndipo aliyense wowerenga amadziwiratu pa tsamba lachitatu kuti adzakwatirana.

Kukoma kwa mabuku amenewa n'komweko. Ife ochemerera Flames mitima yathu inatha kale. Mu January 2022 Gabadinho Mhango atachinya Morocco chigoli cha patali chija tinagubuduza mabenchi, koma pomaliza tinabwerera kunyumba chinunu, tagonja 2-1. M'mabukuwa mulibe zotere. Akangana, wina alira, timu igonja pang'ono, koma mapeto ake ndi chikho ndi ukwati. Simumva za mtengo wa feteleza, simupeza ankhoswe atakhala pamphasa kudikira nkhuku. Chimunthu choopedwa ndi bwalo lonse chimachita chibwibwi pamaso pa mkazi mmodzi, iwe n'kumaseka wekha pakati pa usiku, tochi ili m'bulangete.

Ndinagulanso ena, a mpira wamiyendo ndi a rugby, n'kuwakuta ndi pepala la khaki kuti azioneka ngati a Sande sukulu. M'menemo ndinaphunziramo mwambo wina: mwamuna amapereka jezi yake kwa mkazi kuti avale pa tsiku la masewero, ndipo akachita zazikulu amathamangira komwe wakhala n'kunena za kumtima anthu onse akumva.

Lamulungu lina mu July tinali ndi masewero ndi madoda a ku Lizulu. M'mawa ndinatulutsa jezi yanga yakale yachikasu, ya nambala 1.

"Amake Chisomo, lero muvale iyi kubwalo."

"Yonunkha nkhunguyi? Mwadwala kodi?"

Koma anavala. Zimene sindinadziwe n'zoti nditangonyamuka, apongozi anatulukira kuchokera ku Tsangano ndi thumba la kachewere pamutu, ali ndi bulauzi yokha. Amene anakhalapo ku Bembeke mu July akudziwa kuti mphepo yake siona nkhope. Mwana wabwino angasiye mayi ake akunjenjemera iye atavala jezi ya manja aatali?

Chifunga chinatsika chigawo chachiwiri chili pakati. Tinkatsogola 1-0. Kutatsala pang'ono kuti athe, woyimbira anapereka penate kwa alendo. Ndinayang'ana kumbali ya bwalo n'kuona chikasu chija chataima pafupi ndi wogulitsa chimanga chootcha, chatembenukira kumoto, nambala 1 ikuoneka bwinobwino kumsana. Mphamvu zinabwera. Mkulu wa ku Lizulu anamenya, ine n'kudziponya kumanzere, mpira gwi m'manja.

Pamenepo buku linandikwera kumutu. Ndinauponya pansi mpirawo n'kuliyatsa liwiro. Ndinadumpha njinga, ndinagunda mwana wa mandasi, ndinafika n'kugwada kumbuyo kwa chikasu chija, n'kukumbatira miyendo yonse iwiri. Mawu ndinali nditawamasulira kale kunyumba, ndipo ndinakuwa kuti ndi ku Masasa komwe amve.

"Zikho zonse zipite, bola iwe! Ndagwira chifukwa cha iwe, wanga wapamtima!"

Duku linatembenuka pang'onopang'ono.

"Akamwini, n'chiyani?"

Ine amene chikwatirireni sindinadyepo mbale imodzi ndi mayi amenewa, amene ndimawapatukira tikakumana panjira, ndinali nditawagwira maondo. Chimanga chawo chinagwa. Manja anga anakana kumasuka, ndipo mawu okha amene anatuluka anali akuti, "Mwayenda bwanji, amayi?"

Kumbuyo kunamveka phokoso. Woyimbira anali asanaimbe chilichonse, mpira unali ukadali m'sewero, ndiye wa ku Lizulu uja anangoukankhira m'golo mopanda munthu, osathamanga n'komwe. Masewero anathera 1-1. Amake Chisomo anali chapatali atafunda chitenje, atakhala pansi chifukwa cha kuseka.

Nkhaniyi inandidyera tambala. Ankhoswe anabwera Lachitatu, anadya, anandilangiza akubisa nkhope m'zipewa. Apongozi anati akhululuka, koma jezi anapita nayo ku Tsangano, akuti imafunda. Anzanga a m'timu tsopano ndikangogwira mpira amakuwa kuti, "Usaponye, wanga wapamtima!"

Mabuku aja anawalanda amake Chisomo. Anawerenga loyamba lija masiku ochepa, ndiwo n'kupserera kawiri. Dzulo usiku anandigwedeza, chala chili pa tsamba lomaliza.

"Abambo a Chisomo, taonani apa. Mnzanu wopanda dzinoyu anayamba wadikira kuti wezulo ilire."