Makamera anga a pakhomo: pomwe ndafika pano

Makamera anga anayi achitetezo onse akwera pakhoma tsopano ndipo akujambula usana ndi usiku, koma musaganize kuti ntchito yatha ayi. Masana zithunzi zikutuluka zokongola zedi, ukhoza kuwerenga ngakhale zolembedwa pa malaya a munthu, koma kukangoda zinthu zikusintha, ndiye masiku ano ndikulimbana ndi zausiku basi.

Chomwe ndazindikira pokonza zonsezi n'chakuti kamera imagwira ntchito ziwiri zosiyana ndipo kamera imodzi siingazikwanitse zonse bwinobwino. Pali kuopseza wakuba kuti angoona n'kubwerera, pali kumugwira, kutanthauza kukhala ndi nkhope yake yoti apolisi kapena aneba atha kunena kuti uyutu ndi uje. Yoopseza ija iyenera kuoneka poyera, munthu akadali kunja kwa mpanda aione. Ku University of North Carolina at Charlotte anafunsapo akaidi oposa 400 omwe anamangidwa chifukwa chothyola nyumba, ndipo pafupifupi 60 pa 100 alionse ananena kuti akaona alamu amakasaka nyumba ina, makamera nawo anali m'gulu la zinthu zomwe amayang'ana asanalowe. Ndiye kuopseza kumathandiza ndithu. Koma amene walimba mtima n'kulowabe, pamenepo mpomwe umafuna kamera inayo, yomwe ntchito yake ndi nkhope basi.

Apa ndinakhala pansi ndi masamu, pepani amene simuwakonda. Pali muyezo wa mu 2014 wotchedwa IEC 62676-4 umene unanena kuchuluka kwa ma pixel (timadontho topanga chithunzi) ofunika pa mita imodzi ya chinthu chomwe ukujambula. Kungodziwa kuti pali munthu akuyenda pafunika 25 pa mita, kuzindikira munthu yemwe umamudziwa kale 125, koma kuti nkhope ya mlendo izindikirike ndi 250. Kamera ya 4MP (ma megapixel anayi, kutanthauza ma pixel pafupifupi mamiliyoni anayi) ili ndi ma pixel 2560 m'lifupi, ukagawa ndi 250 ukupeza kuti malo omwe ikuona asapitirire mamita 10 m'lifupi mwake. Tsono lenzi ya 2.8mm ija yomwe imabwera pa makamera ambiri imatambasula madigiri 100 kapena kuposerapo, ndiye mamita 10 aja amakwana munthu ali pa mtunda wa mamita anayi okha kuchokera pa kamera. Akakhala patali kuposa apo, uli ndi kanema wa munthu, osati wa nkhope. Kamera ya 1080p, yomwe ili ndi ma pixel ochepa kuposa ya 4MP, ndiye ndi mamita atatu basi. Lenzi ya 6mm imaona pang'ono, madigiri 50 chakuti, koma imakufikitsa cha pa mamita 10 kapena 11. N'chifukwa chake pa geti ndaikapo ya 6mm yoloza pomwe munthu sangachitire mwina koma kudutsapo, zotambasula zija ndazisiya kuti ziziona bwalo ndi kuseri kwa nyumba. Anthu ambiri amangothamangira 4K, kamera ya ma pixel ochuluka kwambiri, poganiza kuti yathetsa zonse, koma ine ndimaona kuti kusankha lenzi ndi malo kumaposa kuchuluka kwa ma megapixel, komanso ma pixel ambiri opanikizana pa sensa yaing'ono (kachipangizo kolandira kuwala m'kamera) usiku amavutika ndi mdima.

Kutalika kwake nakonso ndi nkhani. Ukaikweza kwambiri kuopa kuti angaiswe, imangojambula pa liwombo. Ndinapempha mlamu wanga kuti avale kapu n'kumalowa pa geti monga amayendera munthu wosafuna kuonedwa, mutu pansi pang'ono, ine ndili pa foni kuonera. Ili pansi pa denga mamita atatu ndi kanthu, chomwe chimaoneka ndi kapu, mapewa ndi nsapato. Nditaitsitsa kufika cha pa mamita awiri ndi theka n'kuiika pataliko kuti iziona mopendekeka pang'ono osati chogwada, chibwano ndi mphuno zinayamba kutuluka. Inde pamenepo munthu atha kuifikira ndi ndodo, koma akamafika poti aimenye imakhala yamujambula kale, komanso kamera ina ya pakona ndaiika moti iziona inzakeyo.

Zausiku tsono. Munthu akaima chilili chithunzi chimatuluka bwino, akangoyenda nkhope imasungunuka ngati sera. Vuto ndi shutter, yomwe imalamula kutalika kwa nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse. Makamera ambiri ukawasiya pa auto, kukada amachedwetsa shutter kuti kuwala kulowe kochuluka, chithunzi chioneke chowala, ndipo ndi zithunzi zimenezo zomwe amaika pa katoni, za bwalo lopanda munthu. Ndinalowa mu ma setting n'kuikakamiza kuti isatsike kupitirira 1/120 ya sekondi. Chithunzi chinada ndithu, tinyenyeswa tinachuluka, koma mlamu uja atadutsanso nkhope inaima. Kuti mdima uchepe ndawonjezera getsi loyaka lokha likaona kuyenda, limenenso limathandiza mbali yoopseza ija. Chovuta chake n'chakuti getsi likayaka mwadzidzidzi kamera imatenga kamphindi kusintha kuchoka ku chakuda ndi choyera kupita ku mitundu, ndipo pa kamphindi kameneko zonse zimangoyera mbuu. Pano ndikuyesa kulisiya getsi laling'ono loyaka usiku wonse pa geti, kamera n'kuikhomera pa mitundu, bola ndizionanso mtundu wa malaya.

Infrared, kuwala kosaoneka ndi maso komwe kamera imaonera mu mdima, ili ndi zake. Timagetsi take ta 850nm timaoneka tofiira pang'ono ukayang'anitsitsa, ta 940nm sitioneka koma sitifika patali. Ngati pafupi ndi kamera pali khoma loyera kapena chipaipi cha madzi a padenga, kuwala kumabwerera m'lenzi, kamera imadzichepetsa, ndiye kutsogolo konse kumada. Kungoitembenuza pang'ono kuti khoma lichoke m'chithunzi kunasintha zonse. Ndipo kuika kamera m'nyumba kuti izijambula kudzera pa galasi la windo iwalani, usiku imangodziona yokha. Nanga akangaude! Tizilombo timathamangira kuwalako, kangaude n'kubwera kudzatchera ukonde pa lenzi penipeni, ulusi umodzi wokha ukamagwedezeka ndi mphepo umaoneka chingwe choyera chachikulu ndipo foni imangolira usiku wonse. Tsache lalitali ndalipezera malo ake pafupi ndi khomo.

Ena afunsa chifukwa chomwe sindinatenge za batire za Wi-Fi poti sizivuta kuika. Zili ndi malo ake, makamaka amene akuchita lendi ndipo saloledwa kuboola khoma. Koma zimagona kuti batire lisathe, zimadzutsidwa ndi ka sensa ka PIR komwe kamamva kutentha kwa thupi likamayenda, ndipo kamamva bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika. Pomwe kamera ikudzuka n'kuyamba kujambula, nthawi zina wapeza msana wa munthu akutuluka. Komanso Wi-Fi imatheka kuisokoneza. Ine ndinapita ku PoE, kutanthauza kuti waya mmodzi wa netiweki (Cat6) amanyamula magetsi ndi kanema yemwe, amafika mamita 100, ndipo muyezo wa 802.3af umapereka mpaka ma watt 15.4 pa bowo lililonse, okwanira kamera wamba. Kukoka mawaya m'siling'i ndiye kunali kotopetsa, fumbi lake musanene, koma ndi ntchito ya kamodzi. Polumikiza panja ndatseka ndi timakapu take totchinga madzi, poti IP67 (chizindikiro chakuti siilowa fumbi ndi madzi) yolembedwa pa kamera siiteteza pulagi yosiyidwa pamtunda.

Zosungira: kamera imodzi pa 4 Mbps imadya pafupifupi 43 GB patsiku ikamajambula osaima, anayi ndiye 170 GB ndi kanthu, kutanthauza kuti hadi disiki ya 1TB siikwana sabata. Ndaika ya 4TB ya mtundu wopangidwira kujambula kosalekeza, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, ikundipatsa masabata atatu, ndipo H.265, njira yopanikizira kanema, ikuthandizako kuchepetsa malo omwe amadya. Bokosi la NVR, lomwe limasunga kanema wa makamera onse, silili pafupi ndi TV ayi, chifukwa wakuba akalowa amanyamula zonse za pamenepo, umboni n'kupita nawo limodzi. Ndalibisa kwina, ndipo mu kamera ya pa geti ndaikamonso ka microSD kuti pakhale kope lachiwiri. NVR, switch (kabokosi kolumikiza mawaya a makamera) ndi rauta zonse zili pa UPS imodzi, batire losungira magetsi, kuti magetsi akathima kapena wina akazimitsa dala pa mita zisafe nthawi yomweyo.

Pasiwedi sinthani tsiku loyamba lomwe, chonde. Mu 2016 kachilombo ka Mirai kanalanda makamera ndi ma DVR ambirimbiri pongoyesa ma pasiwedi a kufakitale, n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa mawebusaiti akuluakulu. Ine makamera anga ndawatsekera kuti asamatuluke okha pa intaneti, UPnP, yomwe imalola zipangizo kudzitsegulira zokha njira ya pa intaneti, ndazimitsa pa rauta, ndikafuna kuona ndili kutali ndimadzera pa VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya kunyumba. Pogula ndinaonetsetsanso kuti ali ndi ONVIF ndi RTSP, miyezo yomwe imalola kamera kugwira ntchito ndi zipangizo za makampani ena, kuti ndisamangidwe ndi app ya kampani imodzi, mawa akasintha maganizo n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Wotchi ya makamera nayo ikhale yolondola, kanema wa nthawi yolakwika amavuta kumugwiritsa ntchito ngati umboni.

Kamera ya m'mbali imakhudzako pang'ono bwalo la aneba, ndiye ndinawaitana kuti adzaone okha pa sikirini, mbali yawo ndinaiphimba ndi privacy mask, chigamba chobisa mbali ya chithunzi, ali pompo. Anakondwa, mpaka akufunsa ngati ya pa geti ikufikako kwawo.

Chatsala ndi mauthenga a pafoni. Pakadali pano mphaka, nthambi, magetsi a galimoto yodutsa, zonse ndi "munthu", ndipo ukadzutsidwa pachabe kangapo umayamba kunyalanyaza, zomwe ndi zoopsa kuposa kusakhala ndi uthenga n'komwe. Ndachepetsa malo omwe imayang'anira kuyenda kuti msewu usalowemo, zachepako koma sizinathe. Kumapeto kwa sabata ino ndikufuna ndiike Frigate, pulogalamu yozindikira zomwe kamera yaona, pa ka kompyuta kakale komwe kangokhala, ndione ngati kangathe kusiyanitsa munthu ndi mphaka pa makamera anayi nthawi imodzi osatentha. Amene munayesapo pa purosesa ya Intel yakale popanda chida china chothandizira, ndiuzeni kuti inakwanitsa makamera angati.