Tikamaopa kuti amupha, timaleka kumufunsa

Amalume anga, amene anakhala zaka 6 ku Dedza monga othawa nkhondo n'kudzabwerera kuno ku Angónia mtendere wa 1992 utakhazikika, sadziwa Chipwitikizi chokwanira kutsatira munthu wolankhula mothamanga. Komabe m'miyezi itatu yotsiriza ya chaka cha 2024 iwo sankasowa pakhonde la golosale ina ya ku Ulónguè, pamene anyamata ankaunjikana madzulo mozungulira foni imodzi kudikira kuti Venâncio Mondlane, wotsutsa boma amene anapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti wa Mozambique, ayambe kulankhula pa Facebook. Mdzukulu wawo wina ndiye ankawamasulira, ndipo nthawi zambiri ankatsalira m'mbuyo chifukwa mwini mawu sankapuma. Tsiku lina ndinakhala nawo pafupi, ndipo zolankhulazo zitatha iwo sanafunse za mavoti kapena za mtengo wa feteleza, koma anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, kodi ameneyu amusiya wamoyo?"

Funso limenelo ndalisinkhasinkha kwa nthawi yaitali, ndipo ndafika poganiza kuti ndi lomveka, komanso kuti latiwonongera chinthu china chimene sitinachizindikire. Munthu amene ukumuopera imfa sumufunsa mafunso ovuta, monga momwe wodwala kayakaya sakumbutsidwa ngongole.

Mantha a amalume anali ndi maziko. Chisankho chinachitika pa 9 Okutobala 2024, ndipo patangotha masiku 10, m'bandakucha wa pa 19 Okutobala, loya wa a Mondlane, Elvino Dias, anaphedwa ndi mfuti m'galimoto mumzinda wa Maputo pamodzi ndi Paulo Guambe wa chipani cha Podemos, chimene chinkathandiza a Mondlane pa mpikisanowo. Achikulire sanalephere kuona kuti tsikulo ndi lomwe lija ndege ya Pulezidenti Samora Machel inagwa ku Mbuzini mu 1986. Patapita masiku awiri, a Mondlane akulankhula ndi atolankhani pafupi ndi malo amene anzawowo anafera, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi ndipo aliyense anathawa. Kenaka anatuluka m'dziko, ndipo kumayambiriro kwa Novembala iwo eni ananena kuti anapulumuka chiwembu china ku South Africa. Anabwerera pa 9 Januwale 2025, nagwada pabwalo la ndege la Maputo Baibulo lili m'manja, koma pa 5 Malichi apolisi anaombera khamu limene linkaperekeza galimoto zawo ndipo anthu ambiri anavulala, tsiku lomwelo limene Pulezidenti Daniel Chapo ankasainirana pangano la zokambirana ndi zipani zina.

Dziko lathu lili ndi mbiri yaitali ya anthu otchuka amene sanafe imfa ya pamphasa. Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, chipani chimene chikulamula, anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam mu 1969, katswiri wa malamulo Gilles Cistac anaomberedwa ku Maputo mu 2015, meya wa Nampula Mahamudo Amurane anaphedwa mu 2017, ndipo Anastácio Matavele, yemwe ankayang'anira chisankho, anaphedwa ku Xai-Xai mu 2019. Kwa ife a chigawo cha Tete zinthu zimenezi si nkhani za kutali, pakuti mu 2016 anthu masauzande ambiri a ku Moatize ndi ku Tsangano anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza pamene asilikali a boma ndi a chipani chotsutsa cha Renamo anayambiranso kulimbana. Ife timadziwa kuti chipolopolo chikalira ku likulu, amene amasenza katundu pamutu kulowera kumalire ndi anthu a m'midzi.

Za chikoka chawo sindingatsutse, chifukwa nanenso chinandigwira. A Mondlane anabadwira ku Lichinga mu 1974, anaphunzira za nkhalango pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, anagwirapo ntchito kubanki, ndipo ndi m'busa wa mpingo. Zonsezi zimamveka akamalankhula: amatha kutchula manambala ngati wa kubanki, kenaka n'kukweza mawu ngati ali paguwa, n'kutsiriza ndi nthabwala imene mnyamata woyendetsa njinga yamoto angaibwereze kwa anzake mawa lake. Atsogoleri amene tinazolowera amawerenga zolembedwa papepala, atakhala pansi pa tenti, ife tili padzuwa. Uyu ankalowa m'nyumba mwathu kudzera pa foni, ndipo ankalankhula ngati akukudziwa dzina. Oposa theka la anthu a m'dziko muno sanakwanitse zaka 20, ndiye kuti nkhondo ya ufulu imene Frelimo imanyadira kuyambira 1975 ndi nkhani ya m'buku kwa iwo, pamene ulova ndi nkhani ya m'mawa uliwonse. Mawu awo akuti dziko lino ndi lathu anagwera m'makutu amene anali atatopa kale ndi nkhani ya ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, zimene zinaululika mu 2016 n'kugwetsa mphamvu ya metikali.

Bungwe loyendetsa chisankho la CNE linalengeza pa 24 Okutobala kuti a Chapo apeza mavoti oposa 70 pa 100 alionse ndipo a Mondlane pafupifupi 20, ndipo pa 23 Disembala khoti la Conselho Constitucional, limene limatsimikizira zotsatira za chisankho, linasintha manambalawo kukhala 65 ndi 24. A Mondlane sanavomereze, ndipo pa zionetsero zimene zinatsatira panafa anthu oposa 300 malinga ndi bungwe la Plataforma Decide. Za mavotiwo ena alemba kale zambiri, ndipo ine sindikhalitsapo. Ndingonena mongodutsa kuti munthu ameneyu wadutsa m'zipani za MDM, Renamo ndi Podemos asanakhazikitse chipani chakechake cha Anamola mu 2025, ndipo kulikonse kumene wapita khamu lamutsatira iyeyo osati mbendera. Zimenezi zimaonetsa mphamvu yake, koma zimaonetsanso kuti chiyembekezo chonse chakolekedwa pa msomali umodzi.

Mfundo zake za chuma zimakhudza Tete kuposa chigawo china chilichonse, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Mfundo yaikulu ndi yakuti mapangano amene boma linachita ndi makampani aakulu a migodi ndi gasi aunikidwenso, ndiponso kuti chuma chochokera m'chigawo chiziyamba chathandiza chigawocho chisanapite ku Maputo. Palibe munthu wa kuno amene angamve zimenezi osagwedeza mutu. Damu la Cahora Bassa ku Songo limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo linabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007, koma gawo lalikulu la magetsi ake limayenda pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa, pamene midzi yambiri ya ku Macanga ndi ku Chifunde imagonabe ndi tochi. Malasha a ku Moatize amakwera sitima yodutsa m'Malawi mpaka kudoko la Nacala, ndipo mgodi umene unali wa kampani ya Vale unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, koma ena mwa mabanja oposa 1,300 amene anasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro kuyambira 2009 anafika potseka njanji mu Januwale 2012 chifukwa cha nyumba zong'aluka ndi minda yosabala. A Mondlane atapempha mu Disembala 2024 kuti ntchito za migodi ziime kufikira tsiku lolumbiritsa pulezidenti, ambiri kuno anaona ngati kwa nthawi yoyamba wina wanena mokweza zimene timanong'onezana.

Koma kunena bala si kulipoletsa. Lamulo lakuti gawo la msonkho wa migodi lizibwerera kumene chumacho chachokera lilipo kale: kwa zaka zambiri linali 2.75 pa 100 alionse kwa anthu okhala pafupi ndi mgodi, ndipo mu 2022 anawonjezera 7.25 ya chigawo ndi maboma ake kuti zonse zikwane 10. Vuto limene munthu wa ku Moatize angakuuzeni si kuchepa kwa nambala kokha, koma kuti sadziwa kuti ndalamazo zinafika liti, ndani anasankha chomangidwa, ndiponso chifukwa chiyani mjigo umodzi umadya ndalama zokwanira itatu. Ngati gawolo litakwera kufika pa 30 kapena 50 koma njira yake n'kukhala yomweyo, tidzangonenepetsa anthu ena atsopano a pafupi ndi kwathu m'malo mwa a ku likulu. Funso limene tikanayenera kumufunsa ndi lakuti ndani adzawerenge ndalamazo pamaso pa mudzi, ndipo adzalangidwa bwanji wozibisa, koma funsoli sitinalifunse.

Palinso mfundo zimene analengeza atabwerera mu Januwale 2025, monga kuleka kulipira pa zipata za pamsewu zimene timati poritaje, ndi kutsitsa mtengo wa simenti ndi zinthu zina zofunika pakhomo. Izi zinakoma m'makutu, ndipo n'zoona kuti boma lomwe linadzatsitsa mitengo ya poritaje m'chaka chomwecho, zomwe zikusonyeza kuti kudandaulako sikunali kwa chabe. Komabe walira mvula walira matope. Amalume omwewa amakumbukira zaka za m'ma 1980 pamene boma linkaika mitengo ya zinthu, mashelefu a m'masitolo n'kukhala mbee, sopo ndi shuga n'kumapezeka pa kandonga pokha, msika wozembera boma uja, pa mtengo wowirikiza. Ife a m'malire timadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti katundu amatsata mtengo ngati madzi atsata chigwa: thumba la simenti likatsika kuno ndi lamulo chabe, m'mawa mwake lidzakhala litawoloka pa Calómuè pa njinga, monga momwe chimanga, feteleza ndi mafuta zimawolokera uku ndi uku malinga ndi kumene ndalama yalimba. Msewu nawonso suphula phula wokha. Ngati poritaje ichotsedwa, pafunika kunena poyera kumene kudzachokere ndalama zokonzera msewu wochoka ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, umene magalimoto olemera amauphwanya chaka ndi chaka.

Ndiye pali mlimi, amene ndiye mwini Angónia ndi Tsangano. Kuno sitikumba malasha, timalima mbatata, chimanga, nyemba, soya ndi fodya, ndipo chimene chimatipweteka ndi kugula feteleza pa mtengo wokwera n'kudzagulitsa zokolola nthawi imodzi tonse kwa wogula amene amatchula yekha mtengo. M'masabata amene misewu inkatsekedwa ndi zionetsero, mlongo wanga anataya matumba angapo a mbatata chifukwa galimoto yopita nayo kumsika wa mumzinda wa Tete sinabwere, ndipo sanadandaule mokweza poopa kuti anzake amuyesa wa chipani cholamula. Zimenezi zinandipweteka kuposa kutayika kwa mbatatayo, chifukwa zinandionetsa kuti ngakhale pakati pa anthu ofuna kusintha pamatha kumera mantha ena atsopano, oopa kufunsa munthu amene aliyense akumupempherera.

Sindikunena kuti a Chapo ndi Frelimo ali ndi mayankho abwino, pakuti iwo akhala ndi zaka 50 zoti ayankhe ndipo midzi yathu ikuchitira umboni. Sindikunenanso kuti moyo wa a Mondlane ndi nkhani yaing'ono. Boma lili ndi udindo wowateteza monga nzika komanso monga munthu amene ngakhale manambala a boma lomwelo amavomereza kuti anasankhidwa ndi munthu mmodzi mwa anayi alionse amene anavota, ndipo imfa ya Dias ndi Guambe ikufunikabe chilungamo. Pamene a Chapo ndi a Mondlane anakumana pa 23 Malichi 2025 n'kugwirizana zothetsa ziwawa, ndinapuma ngati aliyense. Chimene ndikunena n'chakuti oopseza moyo wake atibera zinthu ziwiri nthawi imodzi, mtendere wa mumtima ndi ufulu womuyesa pa sikelo monga timayesera wina aliyense wofuna kusunga nkhokwe yathu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mfundo imene ili m'kamwa mwa munthu mmodzi yekha, yosalembedwa m'lamulo ndiponso yosadziwika kwa makhansala ndi aphungu amene angaipitirize, idakali pachala pamene mphepo ikuwomba.

Mdzukulu wa amalume uja anandikwiyira nditanena zimenezi pakhonde paja. Anati, "Achimwene, munthu akuthawa zipolopolo inu mukumufunsa za simenti?" Ndinamuyankha kuti ndikumufunsa chifukwa ndikufuna adzakhale ndi moyo mpaka tsiku limene adzayenera kuyankha, ndipo wofunsidwa za simenti ndi amene anthu akumuona ngati angadzalamuliredi. Sanakhutire, ndipo mpaka lero amandipatsa moni wozizira.

Amalume sanalowerere mkanganowo. Koma madzulo ena, a Mondlane ali pakati polankhula, iwo anagwira mkono wa mnyamatayo n'kumuuza kuti alembe pafonipo funso lawo, lakuti kodi akadzalowa m'boma mlimi wa mbatata wa ku Dómuè adzagula bwanji feteleza. Mnyamatayo analemba m'Chipwitikizi monyinyirika n'kutumiza. Tinaona funsolo likuonekera pansi pa nkhope ya a Mondlane kwa kamphindi kochepa, kenaka linakwera m'mwamba n'kuzimiririka, litakankhidwa ndi mauthenga mazanamazana a anthu olemba kuti Mulungu awateteze.