Khadi la mapiri onse, kupatula phiri limene tinapita

Kuno ku Denver mwezi wa Malichi ukangofika, anthu amasiya kufunsana za ana ndi za kutchalitchi. Funso limatsala limodzi: Epic kapena Ikon? Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito usiku, mkanganowu umayamba pa tiyi wa 2 koloko n'kukafika mbandakucha, ndipo umatentha ngati wa Bullets ndi Wanderers. Palibe zokhala pakati.

Onsewa ndi makhadi olowera kumapiri otsetserekako pa chipale chofewa. Umalipira kamodzi, kenako nyengo yonse yozizira umangokwera malifiti, mipando yolendewera pa chingwe yokwezera anthu kuphiri, osagulanso tikiti. Epic ndi la kampani ya Vail Resorts, linayamba mu 2008 pa mtengo wa madola 579, ndipo kuno ku Colorado limakulowetsa ku Vail, Beaver Creek, Breckenridge, Keystone ndi Crested Butte. Ikon linabwera mu 2018 kuchokera ku kampani ya Alterra, mapiri ake apafupi ndi Copper Mountain, Winter Park, Eldora, Steamboat ndi Arapahoe Basin. Malonda ake ndi a anthu ogona ataganiza. Makhadi amayamba kugulitsidwa chipale cha chaka chino chisanasungunuke n'komwe, mtengo umanka nukwera miyezi ikamapita, ndipo mu Disembala amatseka. Wochedwa amakagula tikiti ya tsiku limodzi pawindo, imene ku Vail pa masiku a tchuthi imapitirira madola 300. Ukamva zimenezo, khadi la madola pafupifupi 1,000 limayamba kuoneka ngati mphatso.

Ine pa nthawiyo phazi langa linali lisanapondepo pa ski, timatabwa tiwiri titalititali tovala kumapazi potsetsereka. Chipale ndinkachidziwa ndi fosholo basi, pochotsa pakhomo. Koma mnzanga wina wa kuntchito, mzungu wandevu zofika pachifuwa amene tonse timangomutcha Ndevu, anandiuza kuti munthu wokhala ku Colorado osatsetserekapo akungowononga lendi. Anati ndigule khadi, iye andiphunzitsa ulere. Anatchulanso dzina la khadilo, koma pamene ankatchula belu la m'chipinda china linalira, ine n'kuthamangira kumeneko.

Kunena zoona, sindinafune kukamufunsanso. Ndine munthu wopita kusukulu, ndimatha kudzifufuzira. Ndinatsegula kompyuta, ndinaika mapu awiri pambali ndi pambali, n'kuyamba kuwerenga madontho. Vail Resorts ili ndi mapiri oposa 40. Pa mapu a Epic ndinaona Whistler Blackcomb ku Canada, Park City ku Utah, Andermatt ku Switzerland, Hakuba ku Japan, mpaka Perisher ku Australia kumene chipale chimagwa mu Julaye. Mtima unangoti myaa. Panalinso lina lotchipirako, Epic Local, koma nditawerenga kuti ku Vail ndi ku Whistler limakupatsa masiku owerengeka komanso limakukaniza pa tchuthi, ndinalikana. Ine munthu wondiwerengera masiku ku Whistler sindimufuna. Zoti pasipoti yanga ndi ya Malawi, ndipo Canada, Switzerland, Japan ndi Australia onse amafuna viza, ndinaziona ngati nkhani ya tsiku lina. Ndinagawa mtengo ndi chiwerengero cha mapiri, phiri lililonse linatuluka pa mtengo wa nkhuku yootcha. Mpaka lero masamu amenewo palibe amene wawatsutsa.

Mayi a Tadala ndinangowauza kuti ndalowa kalabu ya masewera olimbitsa thupi. Anasangalala, poti mimba anali akuidandaula.

Tsiku linafika Lamlungu lina mu Januwale. Dzulo lake ndinali nditabwereka ma ski, ndodo ziwiri, chipewa cholimba ndi mabuti pa sitolo ina m'tauni. Ndevu anandinyamula kusanache, m'galimoto muli manesi ena awiri. Tinalowa msewu wa I-70 pamodzi ndi Denver yense, galimoto zili bampala kubampala. Titafika pa Eisenhower Tunnel, pamtunda wa mamita 3,400, ndinawauza anzangawo kuti tadutsa kale Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, imene ndi mamita 3,002. Palibe anandiyankha. Makutu anga anali atatseka, mwina anayankha.

M'njira monsemo palibe anatchula za khadi. Angatchulirenji? Kwa iwo zinali zodziwika kale.

Tinaimika galimoto pa Copper Mountain. Ndevu anati tivaliretu mabuti pomwepo, nsapato tisiye kubuti. Amene sanavalepo mabuti a ski andimvetse bwino apa. Ndi chipulasitiki cholimba chofika pakati pa katumba, chomanga ndi zitsulo zinayi, ndipo chinapangidwa kuti bondo likhale lopindikira kutsogolo nthawi zonse. Kakolo sagwedezeka. Poyenda umaponda chidendene, kenako phazi lonse limagwa lokha, gubudu, ndiye linalo, gubudu. Pa masitepe umatsika chammbali utagwira chitsulo ndi manja onse, pamenepo ma ski ali paphewa akufuna kumenya aliyense amene ali kumbuyo kwako.

Polowera ku lifiti pali timageti. Khadi sulitulutsa, limakhala m'thumba la jekete, makina amaliwerenga okha n'kutsegula. Ndevu anadutsa. Manesi aja anadutsa. Ine ndinafika, geti lili duu.

Ndinasunthira pafupi, ndinagunditsa thumba. Duu. Ndinatembenuka chammbali, ndinapukutitsa nthiti yonse pamakinapo, kukwera ndi kutsika, ngakhale kugwedeza chiuno pang'ono kuti mwina khadi lagona molakwika. Kumbuyo kwanga mzere unali utafika patali, ndipo kamwana kena kovala chipewa cha makutu a kalulu kanafunsa mayi ake mokweza kuti bambowa akuvina chiyani. Mpando unafika, unawanyamula anzanga atatu aja, Ndevu akukuwa kuti andidikira pamwamba.

Kunabwera mtsikana wa pageti, waulemu wake, akumwetulira. Anandipempha khadi. Ndinavula gulovu ndi mano, ndinalitulutsa monyadira, chithunzi changa chili pomwepo nditavala tayi.

"Bambo, ili ndi Epic."

"Eya," ndinatero. "Lalikulu lenilenilo, osati Local."

"Kuno ndi ku Copper. Timalandira Ikon."

Ndinamufotokozera modekha kuti khadi limeneli limagwira ntchito ku Japan. Anavomereza kuti n'zoona. Ndinati ndi ku Switzerland komwe. Anavomerezanso. Kenako analoza phiri lalitali limene linali kutsogolo kwathu, n'kunena kuti kuseri kwake ndi ku Breckenridge, kumeneko khadi langa alilandira ndi manja awiri. Kapena ngati ndikufuna, ndikagule tikiti ya tsiku pawindo. Ndinapita kukaona mtengo, unali woposa madola 200. Ndinabwerera chambuyo osapereka moni.

Ndinatulutsa foni kuti ndimuimbire Ndevu. Mafoni ndi kuzizira sizigwirizana: batire imene inali pa theka inangoti 3 peresenti, kenako thii. Kiyi wa galimoto anali m'thumba mwa Ndevu, Ndevu ali kumwamba, nsapato zanga zili kubuti.

Boma la dera limeneli, Summit County, lili ndi mabasi aulere otchedwa Summit Stage, ndipo ndimalithokoza. Kuchoka ku Copper umakatsika ku Frisco, n'kukwera ina ya ku Breckenridge. Phiri limene mbalame ingadutse m'mphindi zochepa, ine ndinalizungulira m'mawa wonse, ndili m'mabuti aja, chipewa kumutu, magalasi a chipale pamphumi, thukuta likutsika kumsana pamene mphuno yauma. M'basi munali anyamata a snowboard, otsetsereka pa thabwa limodzi, mabuti awo ofewa, akuyenda ngati anthu. Mmodzi anandifunsa kuti chipale chili bwanji ku Copper lero. Ndinati chiliko.

Ku Breckenridge zinthu zinayamba bwino. Kuchoka m'tauni pali gondola, kanyumba ka magalasi kolendewera pa chingwe, kotchedwa BreckConnect. Ndinakhala pansi, zitseko zinatsekeka zokha, ndinayamba kuuluka pamwamba pa mitengo ya paini yoyera mbee. Pamenepo ndinati ndalama zanga zayamba kubwerera. Nditatsika pa Peak 8, mnyamata anandiloza ndi kamakina, kanalira kamawu kabwino, anati "Welcome" n'kutchula dzina langa molakwika. Misozi inalengeza.

Vuto linali loti mphunzitsi wanga anali kuseri kwa phiri. Njira za pa chipale amaziika zizindikiro: bwalo lobiriwira ndi za ophunzira, bokosi la buluu ndi za odziwako, dayamondi wakuda ndi za anthu amene analemba kale wilo. Zimenezi ndinazidziwa madzulo. Masanawo ndinangoona lifiti imene mzere wake unali kuyenda msanga, ndinakwera.

Kukwera n'kosavuta, mpando umabwera wokha n'kukuwomba kumbuyo kwa mawondo. Kutsika ndiye nkhani. Mpandowo suima. Umayenera kuimirira pa nthawi yake n'kutsetsereka pa kachitunda. Anzanga a pampando anaimirira n'kupita. Ine ndinayang'ana kachitundako, ndinaona kuti sitinagwirizane, ndinakhalabe. Mpando unazungulira chigudumu chachikulu n'kuyamba kuloza kumunsi, miyendo yanga inagunda kandodo kachitetezo, lifiti yonse n'kuima. Anthu mazanamazana analendewera m'mwamba chifukwa cha mwana wa ku Ntcheu. Woyendetsa anatuluka m'kanyumba kake, anandivula ma ski, ananditsitsa atandigwira m'khwapa. Kumbuyo wina anaomba m'manja, ena n'kumutsatira.

Tsopano panatsala kutsika phiri. Ndinayesa. Ma ski akangoloza kumunsi amanyamuka osakufunsa, ndipo mabuleki ake ndi miyendo yako yomwe. Kagulu ka ana a sukulu ya mkaka kanandidutsa pa mzere, aphunzitsi awo akukuwa "Pizza! Pizza!", kutanthauza kuti asongoze nsonga za ma ski pamodzi kuti achepetse liwiro. Ndinapanga pizza yanga, nsonga zinapingasana, ndinapezeka ndagona chagada, ski imodzi ikupitiriza ulendo yokha. Gogo wina wamkazi, wa msinkhu wa anthu amene ndimawasambitsa kuntchito, anaigwira, anakwera nayo chammbali mpaka pamene ndinali, n'kundifunsa ngati ndili ndi munthu wamkulu woti andiyang'anire.

Ndinaganiza zotsika ndi matako. Zinkayenda ndithu, kungoti buluku limakokera chipale mkati. Ndili pakati pa ntchito imeneyi, panaima bambo wa jekete yofiira ya mtanda woyera, wa gulu lopulumutsa anthu. Anafunsa pamene pakupweteka. Ndinati palibe. Anayang'ana kumunsi, anayang'ana wotchi, anandiuza kuti malifiti amatseka 4 koloko ndipo pa liwiro limeneli ndikafika Lachiwiri. Anandigoneka m'chilere chawo chonyamulira ovulala, anandifunditsa, anandimanga malamba mpaka pachifuwa, n'kutsika nane. Umenewo ndiwo unali ulendo wanga wothamanga kwambiri pa chipale, ndipo ndinauonera chagada. Anthu ankapatuka mwaulemu, ena kugwira pakamwa. Titafika pansi ndinadzuka n'kuyamba kuyenda, gubudu, gubudu, ndipo mayi wina anati ndi chozizwitsa.

Bamboyo anandibwereka foni. Nambala zimene ndinaloweza pamtima ndi ziwiri: ya mayi anga kumudzi ndi ya mayi a Tadala.

"Bambo a Tadala, muli kuti? Anzanu aimba kuno kanayi. Akuti mwasowa paphiri, anthu akukufunani m'nkhalango."

"Ndili ku Breckenridge, mayi."

"Iwo ali ku Copper. Inu mwafikako bwanji kumeneko?"

"Nkhani ya makhadi. Ndidzafotokoza."

"Khadi lake liti? La kalabu ija? Inu, kalabu imeneyi munalipira zingati?"

Ndinati foni ndi ya eni, ndisathe mayunitsi.

Ndevu anandipeza pa depoti ya ku Frisco kutada. Sanalankhule, anangonditsegulira buti. Kuvula mabuti aja n'kuvala nsapato zanga zakale, zopindika chidendene, ndi chinthu chokoma kwambiri chimene chinandichitikira chaka chimenecho. Kenako tinakhala pa mzere wa I-70 maola atatu, manesi aja akusinthana kundifunsa kuti ku Japan ndipita liti.

Kunyumba mayi a Tadala anali atatsegula kale sitetimenti ya kubanki. Sanakalipe. Anatenga kalendala ya kukhitchini, anagawa mtengo wa khadi ndi mtengo wa tikiti ya tsiku, n'kulemba mitanda pa masiku anga onse opuma mpaka Epulo. Anati ndalama imeneyi ndikaitsetsereke yonse ibwere.

Ndinamvera. Tsiku lopuma likafika ndinkadzuka usiku, kuyendetsa ndekha mpaka ku Breckenridge, kukwera gondola ija, kutsika pa Peak 8, kukhala pa benchi padzuwa n'kudya mpunga wanga wa m'kontena, kenako kukweranso gondola kubwerera. Ma ski ndinasiya kubwereka, poti kunali kuwononga ndalama. Ndinkabwera kunyumba nkhope itapsa ndi dzuwa, chizindikiro cha katswiri. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene mayi a Tadala anati atsagane nane ndi mwana akaone luso langa. Tili pamzere wa gondola anatulutsa kachikwama kuti alipire, mnyamata wa pamenepo n'kuwauza kuti asavutike, BreckConnect ndi yaulere kwa aliyense, wa khadi ndi wopanda khadi yemwe.

Ulendo wa gondola umenewo ndi wa mphindi khumi ndi zingapo. Tadala yekha ndi amene anayang'ana panja.

Malichi atafikanso sindinauze munthu. Ndinadikira tsiku loyamba la malonda, mtengo usanakwere, ndinagula Ikon, ndipo ulendo uno mayi anasainira. Ndinasunga chinsinsi mpaka usiku wina pa tiyi wa 2 koloko, kuti ndiwadzidzimutse anzanga. Ndisanatsegule pakamwa Ndevu anaimirira, kapu m'manja, manesi aja akumwetulira. Anati nkhani yanga inawakhudza kwambiri, anakambirana kuti si bwino mnzawo azikhala yekha kuseri kwa phiri, komanso Copper anaitopa nayo. Onse atatu agula Epic.