Zofunda za zigamba zondisowetsa tulo

Abale inu, chiwonereni zofunda za amayi aku Gee's Bend ku Royal Academy, nyumba yoonetserako zaluso kuno ku London, mu 2023 mtima wanga sunabwererebe mmalo. Gee's Bend ndi kamudzi kakang'ono ku Alabama, ku America, komwe mtsinje unakhota nkutsala pang'ono kukazinga konse, anthu ake ndi zidzukulu za akapolo ndipo ambiri mpaka pano dzina lawo ndi Pettway, la mwini munda wa thonje komwe makolo awo anali akapolo.

Amayiwa ankangotola majinzi otha, maovololo a amuna awo, matumba, nkusoka ndi singano kuti ana asagone ndi mphepo basi. Mizere yake yokhotakhota, pena mpaka ukuona pomwe panali bondo nsalu itayera ndi ntchito yakumunda. Mu 2002 zofundazi anaziika pachionetsero ku Houston, kenako ku nyumba yoonetserako zaluso ya Whitney ku New York nkumazungulira mizinda ina, pofika 2006 zinali pa masitampa aku America.

Ine ndinaima ku Royal Academy kuja misozi ili lendelende, ndikukumbukira agogo akulumikiza tizidutswa ta zitenje totsala kwa atelala. Chofunda chawo chija ndachiitanitsa kale kumudzi, achemwali akuti chilipo mu sutikesi.